Mutu 6: Tausi Aponya Chiswamutu

1. Timakina tiwiri

Amene anakulira ku Senga Bay matipate akadali achilendo, aliyense ali ndi chake chimene amakumbukira. Ena amakumbukira nsalu za zipani zosiyana zitayanikidwa pa mpanda umodzi, eni ake akupemphana mchere ngati kale. Ena amakumbukira sukulu itasanduka yaulere, ana atasefukira mpaka pansi pa mitengo ya mango. Koma mukafunsa amene anali mu Sitandade 8 m'chaka cha 1999, amayamba amwetulira, kenako n'kunena kuti, "Timakina ta Tausi ndi Brian tija!"

Tinali timakina tiwiri totuwa, tokwana m'manja, tokhala ndi kagalasi kobiriwira ngati madzi a m'dambo. M'kati mwake munali gemu ya zilombo. Wosewera ankayenda m'tchire la pagalasipo, kugwira zilombo, kuzilera ndi kuziphunzitsa kumenya. Timakinato mukatilumikiza ndi chingwe, zilombo za wina zinkamenyana ndi za mnzake mosinthana: uyu aponya, uyo abwezera. Chilombo chilichonse chinali ndi mzere wake wa moyo. Chikamenyedwa mzerewo unkafupika, ndipo ukatha chilombocho chinkagwa.

Tausi anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, mwana yekhayo wa Mayi Hajara, amene ankachapa zofunda pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Bambo ake anapita ndi mphepo ya mwera panyanja iye ali wamng'ono. Bwato linapezeka, koma iwo ayi.

Brian anali mwana wa Mayi Agnes, ophika pa loji yomweyo. Nyumba ziwirizi zinali zoyang'anana. Mayi Hajara anali Msilamu, Mayi Agnes anali a ku tchalitchi, koma pa Idi mbale ya mpunga inkawoloka msewu kupita uko, pa Khirisimasi inkawoloka kubwera kuno. Bambo a Brian, a Charles, anali dalaivala wa lole. Anachoka chaka chapitacho, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti ali ku Joni.

Timakinato tinafika nthawi ya Pasaka. Mayi Agnes anaitana mwana wawo n'kumuuza kuti, "Bambo ako atumiza. Ati kamodzi n'kako, kenako upatse mnzako Tausi."

Kuyambira tsiku limenelo ana awiriwa anasanduka mafumu. Anzawo ankawanyamulira mabuku kuti angololedwa kusuzumira pagalasi. Vuto linali mabatire. Akafooka ankawayanika pa denga la malata, ena ankawaluma pang'ono ndi mano kuti ati adzuke. Ogwira ntchito pa loji ankawasungira amene alendo ataya. Gemu ikazima nkhondo ili pakati, mudzi wonse unkamva kukuwa.

2. Phewa la Che Abbas

Mwa zilombo zake zonse, Tausi ankakonda chimodzi chooneka ngati njati. Anachigwira chili kamwana n'kuchitcha Nyanga. Brian naye anali ndi chake chooneka ngati ng'ona, ndipo anachitcha Dalaivala polemekeza bambo ake.

Tsiku lina m'mwezi wa Julaye, Nyanga anaphunzira kamenyedwe katsopano. Dzina lake linali lachingerezi chovuta, choncho ana anangokatcha Chiswamutu. Njati ija inkathamanga n'kugunda mdani ndi thupi lonse, ndipo mzere wa mdaniyo unkaduka kwambiri kamodzin'kamodzi. Koma panali chodabwitsa. Mdani asanabwezere n'komwe, mzere wa Nyanga nawo unkafupika.

"Kamakina kako kawonongeka," anatero Brian. Anali atakhala pa geti la loji ataweruka kusukulu, akudikira amayi awo.

"Sikanawonongeke," anayankha Tausi. "Pakumatuluka mawu apa. Taona. Ri… rikoyilo."

"Watinji, mwanawe?"

Anafunsawo anali Che Abbas, mlonda wa masana pa getipo. Anali nkhalamba yaitali, ya phewa lamanja lotsika. Pa unyamata wawo anali mlenje wa boma, wopha ng'ona ndi mvuu zovutitsa anthu.

"Ati rikoyilo, Anganga," anatero Tausi.

Che Abbas anaseka mpaka kutsokomola. Anakoka kampando kawo n'kukhala pafupi ndi anawo.

"Liwu limenelo ndinalimva koyamba kwa bwana amene ankatiphunzitsa kugwira mfuti," anatero. "Mfuti, ana inu, imamenya mbali ziwiri. Kutsogolo imalavula chipolopolo, kumbuyo imakankha phewa la mwini wake. Kamfuti kowombera nkhwali sikakankha kwenikweni. Koma yophera mvuu, eee! Mvuu igwa uko, iwe kuno ukhala sabata osakweza mkono. Taonani phewa langali. Sinali ng'ona ayi, inali mfuti yanga yomwe. Tabwerezanso, ndione."

Tausi anapeza chilombo cha m'tchire n'kuchiponyera Chiswamutu. Mitu itatu inaweramira pa kagalasi. Anabwereza kangapo. Anaona kuti mdani akapwetekedwa kwambiri, Nyanga nayenso ankapwetekedwa kwambiri. Akagunda chilombo cha khungu lolimba, chimene sichinkamva kwenikweni, naye ankangokalika pang'ono. Akaphonya, sankataya kanthu.

Brian, amene masamu ankamuyenda, ndiye anatulukira muyeso wake. "Zimene wataya mdani, uzigawe panayi. Gawo limodzi likubwerera kwa iwe."

"Wanena zoona," anatero Che Abbas. "Ndiye mverani kuno. Chida chotere sichoponya chifukwa chakuti mtima watentha. Mlenje wanzeru amayamba wadzifunsa kuti, kodi phewa langa lipirira? Kodi ndaima pabwino? Ndinali ndi mnzanga ku Chipoka amene anawomba ataimirira m'bwato, pofuna kuti akazi a padoko amuone. Ng'ona anaipha ndithu, palibe anatsutsa. Koma mfuti inamukankhira m'madzi mmene munali ng'ona zinzake. Kuti tinamuvuula wamoyo, ndi chifundo cha Mulungu. Njuchi nayo imaluma koopsa, koma ikasiya mbola pa khungu lako sifika kumng'oma. Ana inu mumangoyang'ana mzere wa mnzanu kuti watsala pati. Muziyang'ananso wanu."

"Inde, Anganga," anatero Tausi, maso ali pagalasi.

Sabata imeneyo Tausi anamugonjetsa Brian tsiku ndi tsiku, ndipo Brian sanakondwe nazo.

3. Amana

Lachisanu lina masana, Tausi anapita kukathandiza amayi ake kuyanula zofunda kuseri kwa loji. Nsalu zoyera zinali mizeremizere pa waya, mphepo ikuzikupiza. Ali pakati pa mizereyo, anamva mawu a Mayi Agnes. Dzulo lake mayiwa sanabwere ku ntchito, ndipo anauza anthu kuti apita ku Chinguluwe kukagula mpunga.

"Ndawaona, amake Tausi," ankatero. "Aonda, imvi zili mbuu. Zatsala zaka ziwiri."

"Limbani mtima, amake Brian," anayankha Mayi Hajara. "Inshallah adzatuluka."

"Afunsa za mwana. Ati, 'Usamuuze mpaka alembe mayeso. Akadziwa kuti bambo ake ali kundende, mutu wake ubalalika.' Koma ine ndatopa nalo bodza. Tsiku ndi tsiku akundifunsa kuti bambo atumiza liti chithunzi cha ku Joni. Ndipo timakina tija, ndikanadziwa kuti azidzanyada nato chonchi, sindikananena kuti n'ta bambo ake."

"Ndinavomera ndekha kuti tinene choncho. Musadzivute."

Beseni linapulumuka m'manja mwa Tausi n'kugwa pa simenti. Mayi Hajara anasuzumira pansi pa nsalu, n'kuona mapazi amene ankawadziwa. Anangoti, "Ndi mphepo," n'kuperekeza mnzawoyo kukhitchini.

Pobwerera kunyumba Tausi ndi amayi ake sanadzere msewu. Anadzera kanjira ka m'minda ya chinangwa, kumene kunalibe anthu. Kumeneko amayiwo anamuuza zonse. A Charles anamangidwira kutali, ku Mchinji, m'lole yawo mutapezeka injini za maboti zakuba. Iwo anati sankadziwa chimene ananyamula, koma khoti silinawamvere, ndipo anawatumiza kundende ya ku Lilongwe. Timakina tija tinachokera kwa banja lina la azungu limene linkabwerera kwawo. Kamodzi anapatsa Mayi Agnes, kena Mayi Hajara.

Kenako anaima n'kumugwira mkono.

"Tausi, makutu alibe chitseko, ndiye sindikukudzudzula kuti wamva. Koma pakamwa pali chitseko. Ku madarasa anakuphunzitsa za amana, chinthu chimene mnzako wakusungitsa. Sichako. Sungachigulitse, sungachibwereketse, sungachiponyere munthu pa mkangano. Amake Brian anandisungitsa nkhani imeneyi chifukwa analibe wina woti alire naye. Iwe sukumbukira, unali kumbuyo. Tsiku limene bwato la bambo ako linabwera lopanda munthu, ine ndinalowa m'madzi osadziwa kumene ndikupita. Anandigwira ndani? Ndi iwowa. Anakubereka iwe kumsana kwawo mpaka maliro anatha. Brian ndi wamatama, ndikudziwa, ndipo tsiku lina adzakupsetsa mtima. Tsiku limenelo udzalume lilime. Mawu akatuluka ali ngati ufa wotayikira pa mchenga, suwoleka."

"Ndamva, Amayi. Wallahi sindinena."

"Usalumbire. Ungochita."

Ndipo kwa masabata angapo Tausi anachitadi. Brian akamanena za ku Joni, za nyumba zazitali ndi njinga imene bambo ake adzamubweretsere, iye ankangoyang'ana kumbali. Nthawi zina ankamulekerera dala kuti awine.

4. Pa khonde la a Mayeso

Mayeso a Sitandade 8 atayandikira, amayi awiri aja anagwirizana chimodzi. Loweruka lotsatira likadutsa, timakinato titsekeredwa m'sutukesi mpaka mayeso atatha. Ana atamva, anakonza zoti tsiku limenelo pakhale nkhondo yomaliza. Wopambana akhala katswiri nthawi yonse ya mayeso.

Malo ake anali pa khonde la golosale ya bambo ena dzina lawo a Mayeso. Ana anabwera ambiri, ena mpaka ochokera kwa Maganga pa njinga za makolo awo. A Mayeso, poona chikhamucho, anapereka mabatire atsopano ulere. Yankho, mtsikana amene ankakhala desiki imodzi ndi Tausi, ndiye anali woweruza.

"Aliyense zilombo zitatu," analengeza Yankho. "Wina asagwedeze chingwe."

Tausi ndi Brian anakhala moyang'anana, mawondo atagundana, chifukwa chingwecho chinali chachifupi. Ana anaunjikana kumbuyo kwawo. Amene sankaona ankangomvera kulira kwa timakinato ndi kukuwa kwa a kutsogolo.

Chilombo choyamba cha Tausi chinagwa msanga. Iye anabwezera n'kugwetsa ziwiri za Brian motsatizana. Kenako Brian anatulutsa Dalaivala, amene anameza chachiwiri cha Tausi ngati chitumbuwa. Anatsala Nyanga ndi Dalaivala.

Anamenyana, anamenyana. Tausi anaponya Chiswamutu kamodzi, mzere wa Dalaivala n'kufika pakati. Koma Dalaivala analuma kawiri, ndipo gawo lija lobwerera nalo linadya pake. Mzere wa Nyanga unatsala kachidutswa ngati njere ya mpunga.

Inali nthawi ya Tausi yoponya. Brian anasuzumira pagalasi n'kuwerengera mumtima.

"Ukayerekeza Chiswamutu, wadzipha," anatero akumwetulira.

Nyanga anali ndi kamenyedwe kena, kobaya ndi nyanga, kamene sikankabwerera kwa mwini. Koma kanali kofooka, ndipo kankafunika kuponyedwa kawiri kapena katatu.

"Baya pang'onopang'ono," ananong'ona Yankho, ataiwala kuti ndi woweruza. "Mwina iye aphonya."

Tausi anayang'ana kumwetulira kwa Brian. Anadina Chiswamutu.

Njati inathamanga n'kugunda. Mzere wa Dalaivala unatsetsereka mpaka kumapeto, ng'ona ija n'kugwa. Khonde lonse linaphulika ndi phokoso. Koma phokosolo lisanathe, liwu lija linatuluka pagalasi. Kanjere ka mpunga kanazimirira. Nyanga naye anagwa, ndipo timakina tonse tiwiri tinalemba kuti palibe wopambana.

"Ndawina ine!" anakuwa Brian. "Chako chadzipha chokha!"

"Chako ndiye chayamba kugwa!" anayankha Tausi.

Ana ambiri anali mbali ya Tausi. Mnyamata wina wa kwa Maganga anayamba kuimba kuti Brian wagwetsedwa ndi mtsikana, anzake n'kumawomba m'manja. Nkhope ya Brian inasintha. Anazula chingwe n'kuimirira.

"Bweretsa kuno kamakina ka bambo anga," anatero. "Bambo anga akukhetsa thukuta ku Joni kuti iwe uzindinyozera pa katundu wawo? Ako anakusiyira chiyani? Nkhafi?"

Kuimba kunaleka.

"Iwe Brian, pakamwa apo!" anakalipa a Mayeso ali m'golosale.

Yankho anagwira dzanja la Tausi. "Tiye tizipita. Musiye."

Tausi anaika kamakina pansi mosamala. Anatsika pa khonde, Yankho akumukoka. Anadutsa pakati pa njinga mpaka kufika pa msewu. Kukanatha pomwepo. Madzulo Mayi Agnes akanamukoka khutu Brian kuti akapepese, ndipo Lolemba awiriwa akanapitira limodzi kusukulu.

Koma kumbuyo wina anaseka. Tausi anachotsa dzanja la Yankho n'kutembenuka.

"Ku Joni kwake kuti?" anatero mokweza, kuti aliyense amve. "Bambo ako ali kundende ku Lilongwe. Anawagwira ndi injini zakuba. Timakinato anapereka ndi mzungu wa pa loji. Kafunse amayi ako ngati ku Chinguluwe kuja anabwerako ndi mpunga!"



Brian anaseka pang'ono. "Bodza," anatero. Anayang'ana anzake, koma iwo ankayang'ana pansi. Anatembenukira kwa a Mayeso, munthu wamkulu yekhayo pamalopo. "Eti ndi bodza, a Mayeso?"

A Mayeso anali atamvapo mphekesera kwa madalaivala anzawo a a Charles, ndipo anazisunga. Anatenga kansanza n'kuyamba kupukuta kauntala imene inali yoyera kale.

Brian anasiya kamakina kake pomwepo, chingwe chili lende. Anathamanga kulunjika ku loji.

5. Chitseko chotseka

Tausi ankayembekeza kuti ana amuwombera m'manja. Palibe anatero. A kwa Maganga anakwera njinga zawo mwakachetechete. Ena anabalalika awiriawiri, akunong'onezana.

"Ndiye wapindulanji?" anafunsa Yankho. Sanadikire yankho lake. Anadzera njira ina.

Tausi anapita yekha kunyumba n'kukhala pakhomo. Dzuwa litangopendeka anaona amayi ake akubwera, nthawi yoweruka isanakwane. Ankayenda pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kuchipatala.

Anakhala pa mpando osavula nsapato, n'kumuuza zimene zinachitika. Brian analowa m'khitchini nthawi ya chakudya cha masana, n'kufunsa amayi ake mokuwa pamaso pa anthu onse. Mayi Agnes anagwetsa thireyi ya mbale. Alendo anamva, ogwira ntchito onse anamva. Abwana anawauza kuti apite kunyumba akapume. Podutsa pochapira, Mayi Agnes anaima n'kunena mawu ochepa okha: "Amake Tausi, ndinauza munthu mmodzi yekha."

Tausi anayamba kulira. "Anatukwana bambo anga, Amayi."

Ankadikira mbama, koma sinabwere.

"Ndamva zimene ananena," anatero Mayi Hajara. "Analakwa, ndipo ukanabwera kudzandiuza, ndikanapita ndekha kwa amake. Koma tamvera. Bambo ako anapita, ndipo palibe mawu a mwana amene angawapweteke kumene aliko. Bambo a Brian ali moyo, ndipo chimene anapempha ali m'ndendemo ndi chimodzi chokha, kuti mwana wawo alembe mayeso mutu uli pamalo. Iwe wawalanda chimenecho. Unkafuna kuti Brian amve kuwawa, ndipo wamva. Tsopano tawerenga ena. Amake sangayendenso pa msika osalozedwa chala. Ine ku ntchito andidziwa kuti ndine dengu lobooka, ndipo palibe adzandisungitsenso mawu. Nanga iwe? Mnzako amene unayamwa naye bere limodzi, udzamuyang'ana bwanji? Mtima ukapsa umanama kuti mdani ndi mmodzi. Ukazizira m'pamene umaona kuti wagwetsa nyumba ziwiri, ina ndi yako yomwe."

Anavula mpango n'kuumanganso bwino. "Pukuta misozi. Tiye."

Anawoloka msewu. Chitseko cha Mayi Agnes, chimene masana onse chinkakhala chotsegula, chinali chotseka. Makatani anali otsitsa.

"Odi," anatero Mayi Hajara.

Anayandikira chitseko n'kubwereza.

"Odi, amake Brian. Ndabwera ndi mwana, adzagwade."

Anaima nthawi yaitali. Nkhuku inadutsa pakati pawo ndi anapiye ake. Kenako mawu anamveka m'kati, otsika, osakalipa.

"Lero ayi, amake Tausi."

Anabwerera. Pambuyo pake a Mayeso anatumiza timakina tija m'pepala la shuga. Mayi Hajara anatiika m'sutukesi osatsegula pepalalo. Amene anali pa khonde tsiku limenelo amati nkhondo ija ndiyo inali yokoma kuposa zonse. Inalinso yomaliza.

6. Lole ya m'mamawa

Lamulungu m'mawa Tausi ankasesa pabwalo. Belu la kutchalitchi linali litalira koyamba. Anamva chitseko cha tsidya lina chikutseguka mwamphamvu, ndipo atadzutsa mutu anaona Mayi Agnes akubwera chothamanga, opanda mpango, opanda nsapato.

Sanamuyang'ane Tausi. Analunjika kwa amayi ake, amene ankatsuka makapu.

"Amake Tausi, Brian ali kuno?"

"Ayi. Bwanji?"

"Pamphasa palibe. Juzi yake palibe, nsapato za kusukulu palibe. Ndafuna kunyanja, ndafuna kutchalitchi. Dzulo anangondifunsa kamodzi kuti ndendeyo ili mbali iti ya Lilongwe."

Mayi Hajara anasiya makapu n'kuwagwira mapewa. Brian anali asanapitirirepo pa boma la Salima chibadwire.

Atatuwo anathamangira pa siteji, pamene ogulitsa nsomba ankakwezera madengu awo. Anafunsa uyu, anafunsa uyo. Pomaliza anapeza Mayi Patricia, ogulitsa usipa, amene ankafika pa sitejipo tambala atangolira.

"Mwana wanu uja wamtali? Ndamuona," anatero Mayi Patricia. "Amafunsa ya ku Lilongwe. Ndamuuza kuti adikire minibasi, koma anali ndi changu. Panaima lole yofiira, kumbuyo kuli anyamata ena. Bambo wina wa chipewa anamuitana kuti, 'Kwera, mphwanga, ndi konko, sulipira.' Ndiye wakwera."

Mayi Agnes anapuma mozama. "Bola. Tikakwera minibasi tikamupeza pa depoti."

Koma kondakitala wina amene ankamvetsera anasiya kuitanira anthu n'kuyandikira.

"Mwati lole yofiira, ya bambo wa chipewa?" anafunsa. "Mayi, imene ija sipita ku Lilongwe. Imabwera kudzatola anyamata a ganyu. Ikafika pa mphambano imakhota kumanja, kupita ku maesiteti a fodya a ku Kasungu. Ndipo amene imawatenga sabwerako mpaka fodya atagulitsidwa."

Mayi Agnes anakhala pansi m'fumbi. Mayi Hajara anamanga chitenje chawo mwamphamvu, n'kukweza dzanja kuimitsa minibasi imene inkanyamuka. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Thamanga ukatenge nsapato za amake Brian ndi zako. Ukupita nafe."